Momwe Mungaphunzirire ndi Kuphunzitsa Nkhani ya Uchimo, Ufulu Wosankha ndi Ulamuliro wa Mulungu

Aliyense amene anatsogolerapo anthu powerenga Baibulo amadziwa kuti pali funso lina limene limafika tsiku lake, kaya walikonzekera kaya ayi. Mwina mukuwerenga Aroma 9, kapena nkhani ya Farao m'buku la Eksodo, ndiye wina amafunsa kuti, ngati Mulungu ndiye amalamulira zonse ndipo amadziwiratu zonse, nanga munthu akachimwa mlandu umakhala wa yani? Wina amawonjezera kuti, ngati tonse tinabadwa ochimwa kotero kuti sitingathe kubwera kwa Mulungu mwa ife tokha, Mulunguyo amatiitaniranji kuti tilape? Mafunso amenewa kawirikawiri amachokera kwa anthu amene ayamba kuwerenga Malemba mosamala, ndipo mtsogoleri akawayankha mongowatseka pakamwa amakhala atawaphunzitsa kuti kuganiza mozama n'koopsa mu mpingo. Akhristu akhala akukambirana nkhaniyi kwa zaka zoposa 1,600. Njira imene ndikufotokoza pano ndi yothandiza munthu kuiphunzira mwadongosolo ndi kuiphunzitsa moona mtima, popanda kunamizira abale a mipingo ina zimene iwo sakhulupirira.

Lekanitsani mafunso musanayambe kuyankha

Mikangano yambiri pa nkhaniyi imakula chifukwa anthu awiri amakhala akuyankha mafunso osiyana, aliyense akuganiza kuti mnzake wamumva. Choncho ntchito yanu yoyamba ndi kulemba mafunso padera. Kodi uchimo unamuwononga munthu kufika pati? Kodi tikamati munthu ali ndi ufulu wosankha timatanthauza chiyani? Kodi chisomo cha Mulungu chimagwira ntchito motani mumtima mwa munthu, ndipo kodi munthu angachikane? Kodi Mulungu amalamulira bwanji zochitika za m'dziko, makamaka zoipa, iye osakhala mwini tchimo? Funso la kusankhidwiratu, loti kodi Mulungu anasankhiratu amene adzapulumuke, limene ambiri amathamangira, liikeni kumapeto, chifukwa yankho limene munthu amapereka pa funsolo limachokera ku zimene wayankha kale pa mafunso enawa. Amene akukhulupirira kuti wochimwa ali ngati wodwala wotha kuitana sing'anga, ndi amene akukhulupirira kuti wochimwa ali ngati wakufa wofunika kuukitsidwa, sangagwirizane pa za kusankhidwa, ndipo kuwakanganitsa pamenepo asanaone pamene anasiyanirana n'kutaya nthawi.

Yambani ndi uchimo, ndipo khalanipo nthawi

Werengani pamodzi Genesis 3, Genesis 6:5, Salimo 51, Yeremiya 17:9, Aroma 3:9-23, Aroma 5:12-21 ndi Aefeso 2:1-3. Musafulumire kumasulira, afunseni anthu kuti atchule okha zimene ndimezi zikunena za munthu. Adzaona kuti Baibulo silikamba za machimo monga zochita zokha, monga kuba kapena kunama, koma limakambanso za uchimo monga chikhalidwe chokhala mumtima, gwero limene zochitazo zimatumphukamo. Davide akuvomereza kuti anali wochimwa kuyambira m'mimba mwa amayi ake, Yeremiya akuti mtima ndi wonyenga koposa zonse, ndipo Paulo akuuza Aefeso kuti anali akufa m'zolakwa zawo.

Mukatero werenganinso ndime zimene zimaletsa munthu kukokomeza. Genesis 9:6 ndi Yakobo 3:9 zikusonyeza kuti munthu wochimwa akadali wolengedwa m'chifanizo cha Mulungu. Pa Luka 11:13 Yesu akuuza omvera ake kuti iwo, ngakhale ali oipa, amadziwa kupatsa ana awo mphatso zabwino. Mawu amenewa ndi ofunika kwambiri, chifukwa akusonyeza tanthauzo lenileni la chiphunzitso chimene ena amachitcha kuwonongeka kotheratu kwa munthu. Ochiphunzitsa satanthauza kuti munthu aliyense ndi woipa kufika pomaliza, kapena kuti wosakhulupirira sangakonde ana ake ndi kuchita chilungamo kwa mnansi wake. Amatanthauza kuti palibe gawo la munthu limene uchimo unalisiya losakhudzidwa, kaya nzeru, kaya zokhumba, kaya chikumbumtima, kaya chifuniro, monga momwe dontho la poizoni limafalikira m'madzi onse a m'chikho ngakhale madziwo akuonekabe oyera.

Apa ndi pamene muyenera kufotokoza mkangano wa Pelagius ndi Augustine, chifukwa zonse zimene zinadza pambuyo zinamera pa tsinde limeneli. Pelagius anali wa ku Britain, ndipo anakhala ku Rome kumapeto kwa zaka za m'ma 300 ndi kuchiyambi kwa zaka za m'ma 400. Chimene chinkamuwawa ndi kutayirira kwa Akhristu ambiri amene ankadzikhululukira ndi mawu akuti ndife anthu ofooka. Iye ankaphunzitsa kuti Mulungu sangalamule chinthu chimene munthu sangathe kuchita, kuti mwana aliyense amabadwa wopanda banga, ndi kuti Adamu anatipweteka potisiyira chitsanzo choipa basi. Augustine, amene anakhala ndi moyo kuyambira 354 mpaka 430 ndipo anali bishopu wa mzinda wa Hippo kumpoto kwa Africa, anayankha kuti kugwa kwa Adamu kunapotoza chikondi cha mtima wa munthu, kotero kuti lamulo limatisonyeza chabwino koma silitipatsa mphamvu yochichita, ndipo chisomo chiyenera kulowa m'kati ndi kuchiritsa chifuniro chenichenicho. Msonkhano wa mabishopu ku Carthage unakana chiphunzitso cha Pelagius mu 418, ndipo msonkhano wa ku Ephesus unatsimikiza chiweruzocho mu 431. Ndimalimbikitsa aphunzitsi kuti azimutchula Pelagius mwachilungamo, chifukwa nkhawa yake inali yoona ngakhale mankhwala ake anali olakwika, ndipo m'gulu lililonse mudzapeza anthu oganiza monga iye osadziwa kuti maganizowo ali ndi mbiri.

Pali kusiyana kwina kumene simuyenera kukulumpha. Akhristu onse a mipingo yakale amavomereza kuti tinalandira kuchokera kwa Adamu imfa ndi mtima wopendekera ku tchimo, koma sagwirizana ngati tinalandiranso mlandu wake. Baibulo la Chilatini limene Augustine ankawerenga linamasulira mapeto a Aroma 5:12 ngati kuti onse anachimwa mwa Adamu, pamene omasulira ambiri a Chigriki masiku ano amati imfa inafikira onse chifukwa onse anachimwa. Mipingo ya Orthodox imatsindika kuti tinalandira imfa ndi chivundi, ndipo munthu aliyense ali ndi mlandu wa machimo ake okha. Mipingo yambiri ya kumadzulo imawerenga ndime yonse mpaka vesi 19 ndi kunena kuti Adamu anaimira ana ake onse monga momwe Khristu amaimira anthu ake. Anthu akaona kusiyana kumeneku amayamba kumvetsa chifukwa chake ubatizo wa ana ndi tsogolo la makanda omwalira zimafotokozedwa mosiyana m'mipingo.

Gwirizanani tanthauzo la mawu akuti ufulu

Palibe mawu amene asokoneza nkhaniyi kuposa awa. Kwa ena, munthu ali ndi ufulu ngati achita chimene akufuna popanda womukakamiza. Kwa ena, ufulu weniweni umafuna kuti munthuyo, pa nthawi yomweyo ndi m'zochitika zomwezo, akanatha kusankha china. Matanthauzo awiriwa ndi osiyana, ndipo musalole kuti zokambirana zipitirire musanawalembe poonekera.

Chitsanzo chimene chimathandiza ndi cha munthu womangidwa ndi chizolowezi cha kuledzera. Palibe amene amamugwira dzanja kuti amwe. Amamwa chifukwa akufuna, ndipo n'chifukwa chake amadzimva wolakwa. Komabe iye mwini amavomereza kuti sakutha kusiya, chifukwa kufuna kwakeko ndiko kwamangidwa. Yesu ananena zofanana pa Yohane 8:34, kuti wochita tchimo ndi kapolo wa tchimo, ndipo Paulo akulira ndi ululu womwewo mu Aroma 7. Augustine ndi omutsatira anafotokoza nkhaniyi m'magawo anayi a mbiri ya munthu: asanagwe, Adamu akanatha kuchimwa ndipo akanatha kusachimwa, atagwa, munthu sangathe kusachimwa, atabadwanso mwatsopano, amathanso kukana tchimo ngakhale akulimbana nalobe, ndipo mu ulemerero sadzathanso kuchimwa. Gawo lomalizali ndi loyenera kulisinkhasinkha, chifukwa palibe Mkhristu amene anganene kuti oyera mtima kumwamba ndi akapolo, chonsecho sangachimwe. Zimenezi zikusonyeza kuti m'Baibulo ufulu wapamwamba ndi wa mtima wochiritsidwa wokonda chabwino.

Erasmus, katswiri wa maphunziro wa mpingo wa Katolika, ndi Martin Luther anatsutsana pa mfundo imeneyi m'mabuku amene analemba mu 1524 ndi 1525. Erasmus ankati malamulo, machenjezo ndi malonjezo a m'Baibulo alibe tanthauzo ngati munthu alibe mphamvu, ngakhale yochepa, yotembenukira ku chisomo. Luther ankati lamulo limaperekedwa kuti munthu aone kulephera kwake ndi kuthawira kwa Khristu, ndipo ankavomereza kuti pa zinthu za tsiku ndi tsiku munthu amasankha yekha, koma pa za chipulumutso chifuniro chake ndi chomangidwa. Patapita zaka zoposa 200, mu 1754, Jonathan Edwards, m'busa wa ku America, anafotokoza kuti munthu nthawi zonse amasankha chimene mtima wake ukuchikonda koposa pa nthawiyo, ndi kuti kulephera kwa wochimwa si kusowa nzeru kapena ziwalo, koma kusafuna. Omutsutsa amafunsa kuti, ngati zokonda za mtima zinakhazikitsidwa kale ndi zinthu zimene munthuyo sanasankhe, mlandu ukum'gwera bwanji? Funso limeneli ndi lolemera, ndipo mphunzitsi wabwino salibisa.

Sonkhanitsani Malemba m'milu itatu

Tengani pepala ndi kuligawa patatu. M'gawo loyamba lembani ndime zokamba za ulamuliro wa Mulungu: Miyambo 16:9 ndi 21:1, Yesaya 46:9-10, Danieli 4:35, Yohane 6:37 ndi 6:44, Machitidwe 13:48, Aroma 8:28-30, Aroma 9 ndi Aefeso 1:3-14. M'gawo lachiwiri lembani zokamba za kuitanidwa kwa munthu, udindo wake, ndi kufuna kwa Mulungu kuti anthu apulumuke: Deuteronomo 30:19, Yoswa 24:15, Ezekieli 18:23 ndi 33:11, Mateyu 23:37, Machitidwe 7:51, 1 Timoteo 2:4, 2 Petro 3:9 ndi Chivumbulutso 22:17. Lamulo lake ndi lakuti ndime iliyonse iwerengedwe ndi mavesi oizungulira, ndipo pa tsiku limenelo pasakhale wololedwa kufooketsa ndime ya gawo lina ndi ndime ya gawo linzake. Ambiri a ife tili ndi mulu umene timaukonda, ndipo tikakumana ndi vesi la mulu winawo timathamangira kufotokoza zimene silikutanthauza tisanamve zimene likunena.

Gawo lachitatu ndilo ndimaliona kukhala phata la phunziro lonse, chifukwa muli ndime zimene zimanena zinthu ziwirizi pamodzi, pa chochitika chimodzi, popanda kupepesa. Pa Genesis 50:20 Yosefe akuuza abale ake kuti iwo anam'pangira choipa, koma Mulungu anachipangira chabwino. Sakunena kuti abale anachita choipa kenako Mulungu anadzachikonza. Chochitika n'chimodzi, koma m'kati mwake muli zolinga ziwiri, china choipa ndi china choyera. Pa Yesaya 10:5-15 Mulungu akutcha Asuri ndodo ya mkwiyo wake, akuvomereza kuti mfumu ya Asuri siikuganiza zotumikira iye koma zowononga mitundu, ndipo akulonjeza kuilanga chifukwa cha kudzikuza kwake. Pa Machitidwe 2:23 Petro akunena kuti Yesu anaperekedwa mwa uphungu woikika ndi kudziwiratu kwa Mulungu, ndipo m'mawu omwewo akuuza omvera kuti iwo anamupha ndi manja a anthu osayeruzika. Omverawo sanadzikhululukire ndi uphungu wa Mulungu, koma analaswa mtima ndi kufunsa chochita.

Nkhani ya Farao iwerengeni ndi cholembera m'manja, mukulemba amene akuumitsa mtima pa vesi lililonse. Pa Eksodo 4:21 Mulungu akuneneratu kuti adzaumitsa mtima wa Farao. Pa 8:15 ndi 8:32 Farao akuumitsa mtima wake. Pa 9:12 Yehova akuuumitsa. Pa 9:34 Farao akuchimwanso ndi kuumitsa mtima wake. Ena adzatsindika kuti mawu a Mulungu ndiwo anatsogola, ena adzatsindika kuti Farao anayamba kuuma yekha Mulungu asanam'pereke ku kuuma kwake, ndipo onse awiri akuloza chinthu chimene chilimo m'nkhaniyo. Onjezerani Afilipi 2:12-13, pamene Paulo akulamula okhulupirira kugwira ntchito ya chipulumutso chawo ndi mantha ndi kunthunthumira, chifukwa Mulungu ndiye wakuchita mwa iwo kufuna ndi kuchita komwe. Mawu akuti chifukwa ndiwo ofunika: ntchito ya Mulungu ikuperekedwa monga maziko a khama la munthu. Potsiriza werengani Machitidwe 27. Mulungu analonjeza Paulo kuti mwa anthu 276 a m'ngalawa palibe amene adzafe, koma amalinyero atafuna kuthawa, Paulo yemweyo anachenjeza kuti ngati iwo sakhala m'ngalawa enawo sangapulumuke. Lonjezo linali lotsimikizika, chenjezo linalinso loona, ndipo chenjezolo ndilo linali njira imene lonjezo linakwaniritsidwira.

Fotokozani maganizo a mpingo uliwonse momwe eni ake angavomereze

Muyeso wake ndi uwu: mukamaliza kufotokoza chiphunzitso chimene simugwirizana nacho, munthu wochikhulupirira akanakhalapo akanati mwanena zoona. Ngati sakanatero, simunakonzeke kuchitsutsa.

Mipingo yotsatira John Calvin, amene anatumikira ku Geneva ndi kumwalira mu 1564, imaphunzitsa kuti Mulungu anasankha anthu ake dziko lisanalengedwe, osati chifukwa cha chabwino chilichonse chimene anachioneratu mwa iwo, ndi kuti Mzimu Woyera amasintha mtima kotero kuti munthu amabwera kwa Khristu mofuna yekha ndipo amasungidwa mpaka kumapeto. Sinodi ya ku Dort, imene inakumana m'dziko la Netherlands mu 1618 ndi 1619, inalemba mfundo zimenezi, koma inanenanso kuti uthenga wabwino uyenera kulalikidwa kwa anthu onse mosasankha, kuti chifukwa cha kusakhulupirira chili mwa munthu osati mwa Mulungu, ndi kuti chisomo sichigwira anthu ngati mitengo kapena miyala. Chivomerezo cha chikhulupiriro cha ku Westminster cha 1646 chimati Mulungu anaikiratu zonse zochitika, koma mwa njira yakuti iye si mwini tchimo ndipo chifuniro cha zolengedwa sichikakamizidwa. Kunena kuti anthu amenewa amakhulupirira kuti munthu ndi chidole ndi kuwanamizira.

Jacobus Arminius anali mphunzitsi pa sukulu ya ukachenjede ya ku Leiden ndipo anamwalira mu 1609. Chaka chotsatira omutsatira analemba mfundo zisanu, zimene sinodi ya ku Dort inadzaziyankha. Ambiri amadabwa akamva kuti mfundo yachitatu imanena momveka kuti munthu wochimwa sangathe mwa iye yekha kuganiza, kufuna kapena kuchita chabwino chenicheni asanabadwenso mwa Mzimu. Kusiyana kwawo kuli apa: amati Khristu anafera anthu onse, kuti Mulungu amasankha iwo amene mwa chisomo akhulupirira, ndi kuti chisomocho munthu angachikane. John Wesley, woyambitsa gulu la Methodist, anaphunzitsa kuti pali chisomo chotsogola, chimene chimafika kwa munthu aliyense asanayambe kufunafuna Mulungu ndi kum'bwezera mphamvu yoyankha kuitana. Kunena kuti anthu amenewa amakhulupirira kuti munthu amadzipulumutsa yekha ndi kuwanamiziranso.

Achilutera, m'chivomerezo chawo cha 1577, amati wopulumuka amapulumuka chifukwa cha chisomo cha Mulungu chokha, wotayika amatayika chifukwa cha kukana kwake, ndipo amakana kulumikiza ziwirizi ndi nzeru za munthu kapena kuphunzitsa kuti Mulungu anasankhiratu ena kuti atayike. Mpingo wa Katolika, pa msonkhano wa ku Trent mu 1547, unaphunzitsa kuti kulungamitsidwa kumayamba ndi chisomo cha Mulungu chimene munthu sanachigwirire ntchito, kuti ufulu wa munthu unafooka koma sunazime, ndi kuti munthu wodzutsidwa ndi chisomo amavomera ndi kugwirizana nacho, ngakhale angathenso kuchikana. M'kati mwa mpingo womwewo munabuka mkangano waukulu pamene wansembe Luis de Molina analemba mu 1588 kuti Mulungu amadziwa chimene munthu aliyense akanasankha mwaufulu m'zochitika zilizonse, ndipo amalamulira dziko pogwiritsa ntchito chidziwitso chimenecho. Otsatira maganizowa amaloza ku Mateyu 11:21, pamene Yesu ananena kuti Turo ndi Sidoni akanalapa akanaona zozizwitsa zake. Otsatira Thomas Aquinas, mphunzitsi wamkulu wakale wa mpingowo, anatsutsa Molina, ndipo mu 1607 Papa Paul V analamula mbali zonse ziwiri kuti zileke kutchana ampatuko. Mipingo ya Orthodox imakamba za kugwirira ntchito pamodzi kwa chisomo cha Mulungu ndi kuvomera kwa munthu, monga wodwala amene sangadzichize koma amalandira mankhwala.

Imikani malire awiri, kenako lolani mafunso ovuta

Pali malire amene pafupifupi mipingo yonseyi imawasunga, ndipo ndi bwino kuti gulu lanu liwadziwe. Oyamba ndi akuti Mulungu si mwini tchimo, monga Yakobo 1:13-14 akunenera kuti Mulungu sayesa munthu ndi choipa, koma aliyense amakokedwa ndi chilakolako chake. Achiwiri ndi akuti munthu sadzipulumutsa, ndipo ngakhale chiyambi cha chikhulupiriro ndi mphatso. Msonkhano wa mabishopu ku Orange mu 529 unasunga malire onse awiri: unakana chiphunzitso chakuti munthu ndiye amayamba kufuna Mulungu kenako chisomo n'kudzam'thandiza, ndipo unakananso mwamphamvu zakuti Mulungu anaikiratu munthu wina kuti achite choipa. Wina akatuluka kunja kwa malirewa, m'bwezeni mofatsa ndi Malemba. Amene ali m'kati mwa malirewa, ngakhale asiyane nanu, ndi abale ofunafuna kumvetsa Baibulo lomwelo.

Mukatero muuze aliyense ayankhe funso lovuta la mbali yake, osati la mbali ya mnzake yokha. Wotsindika kusankha kwa Mulungu afotokoze chimene Yesu ankatanthauza polirira Yerusalemu kuti anafuna kusonkhanitsa ana ake koma iwo sanafune, ndiponso chifukwa chake Mulungu wotha kusintha mtima uliwonse sasintha yonse. Wotsindika ufulu wa munthu afotokoze chimene chimasiyanitsa anthu awiri olandira chisomo chofanana, wina n'kukhulupirira wina n'kukana, popanda kupatsa wokhulupirirayo chodzitamandira. Afotokozenso chifukwa chake Mulungu analenga anthu amene anadziwiratu kuti adzam'kana, pakuti kudziwiratu nakonso kuli ndi kulemera kwake. Sindinaonepo chiphunzitso chimene chimachotsa zovuta zonse, ndipo munthu amaonetsa kukhwima akavomereza pamene mbali yake ikulemedwa. Paulo mwiniwake, atalemba machaputala atatu a Aroma 9 mpaka 11, anamaliza ndi kulambira kuya kwa nzeru za Mulungu, ndipo Deuteronomo 29:29 amasiyanitsa zinsinsi zimene ndi za Yehova ndi zovumbulutsidwa zimene ndi zathu kuti tizichite. Komabe musathamangire mawu akuti chinsinsi pa tsiku loyamba. Amakhala ndi tanthauzo pokhapokha anthu atakumba mpaka pamene Malemba alekezera.

Dziwani amene akufunsa ndi chifukwa chake

Funso limodzi limatha kuchokera m'mitima yosiyana, ndipo yankho loyenera wina likhoza kuvulaza mnzake. Pali amene amafunsa kuti adzikhululukire, akuti ngati Mulungu anakonzeratu zonse ndiye kuti tchimo langa linalembedwa kale. Ameneyo m'werengereni Yakobo 1 ndi Ezekieli 18, ndipo m'kumbutseni kuti Yesu, pa Luka 22:22, ananena kuti Mwana wa Munthu akupita monga kunaikidwiratu, koma tsoka kwa munthu wom'pereka. Pali amene amafunsa ali ndi mantha, usiku osagona, akuopa kuti mwina sanasankhidwe. Ameneyo musam'tengere ku mikangano ya masinodi. Muonetseni Yohane 6:37, pamene Yesu akulonjeza kuti wobwera kwa iye sadzam'taya kunja konse, ndipo muuzeni kuti palibe paliponse pamene Baibulo limalamula wochimwa kuti ayambe wadziwa za kusankhidwa kwake asanabwere kwa Khristu. Calvin yemwe ankaphunzitsa kuti munthu aone kusankhidwa kwake mwa Khristu monga m'galasi, osafufuza m'malo obisika. Palinso amene amafunsa chifukwa waferedwa kapena wachitiridwa nkhanza. Kwa iye musafulumire kunena kuti chinali chifuniro cha Mulungu, pakuti mawu amenewa, onenedwa mosasamala, amamveka ngati Mulungu anakondwera ndi choipacho. Yosefe ananena mawu a Genesis 50:20 patapita zaka zambiri, ananena yekha za moyo wake, ndipo sanaleke kutcha choipa kuti choipa. Mabwenzi a Yobu anachita bwino masiku asanu ndi awiri amene anakhala naye chete, ndipo analakwa pamene anayamba kufotokoza.

Pokonza maphunziro, gawani nkhaniyi m'misonkhano ingapo, inayi kapena isanu, ndipo musaike uchimo ndi kusankhidwa pa tsiku limodzi. Ngati mpingo wanu uli ndi chivomerezo kapena katekisimu, phunzitsani zimene umakhulupirira mosapsatira, ndipo nenani poyera kuti awa ndi maganizo a mpingo wathu, awa ndi a ena, ndipo apa tonse timagwirizana. Pemphani munthu wokonda mbali ina kuti afotokoze mbali imene saikonda, mnzake n'kumukonza ngati walakwitsa. Mukaona kuti mawu ayamba kutentha, auzeni za John Wesley ndi George Whitefield, alaliki awiri amene anasemphana poyera pa nkhani yomweyi kuyambira mu 1739 ndipo sanagwirizanepo pa mfundoyo mpaka imfa, koma Whitefield atamwalira mu 1770, Wesley ndiye analalikira pa mwambo wom'kumbukira ku London ndi kuyamika Mulungu chifukwa cha utumiki wake. Msonkhano uliwonse muutseke ndi kupempherera anthu osakhulupirira amene a m'gululo amawadziwa, ndipo mupemphe aliyense kuti amvetsere mawu a pemphero lake: wotsindika ufulu wa munthu adzadzimva akupempha Mulungu kuti asinthe mtima wa m'bale wake, ndipo wotsindika ulamuliro wa Mulungu adzadzimva akupempha mphamvu yoti apite akalankhule naye.